Lipoti la uphungu kwa mayi amene ankadziona ngati wolephera

Chiyambi cha nkhani

Lipotili likufotokoza ntchito ya uphungu imene ndinagwira ndi mayi wina wa zaka 36, amene muno ndiwatchula kuti Mayi R. Chilembo chimenechi sichikuchokera ku dzina lawo, ndipo ndasintha zinthu zingapo zokhudza ntchito ndi banja lawo kuti asadziwike. Iwo eni anavomera kuti nkhaniyi ilembedwe kuti anzanga a ntchito ya uphungu aphunzirepo. Tinakumana maulendo 14 m'miyezi isanu, poyamba sabata iliyonse, kenaka pakapita masabata awiri, ndipo mkumano uliwonse unkatenga mphindi 50.

Amene anawatumiza kwa ine ndi dokotala amene ankawaona chifukwa cha kusowa tulo, mutu wosatha ndi kutopa. Dokotalayo anali atayeza kale magazi kuti aone ngati panali kuchepa kwa magazi, shuga kapena vuto la chithokomiro, zomwe zimatha kubweretsa kufooka kofanana ndi kwa munthu wovutika maganizo, koma sanapeze chilichonse.

Zimene anabwera nazo

Mawu awo oyamba atakhala pansi anali opepesa. Anati: "Pepani aphungu, mwina ndikukutayirani nthawi, pali anthu amene ali ndi mavuto enieni." Mkumanowo usanathe anali atapepesa kasanu ndi kamodzi, ndipo pa zinthu zosafuna kupepesa: chifukwa cholira, chifukwa choiwala tsiku, ngakhalenso chifukwa chofunsa kumene angaike chikwama.

Mayi R amagwira ntchito mu ofesi yowerengera ndalama, ndipo kwa zaka 7 akhala akukonza malipiro a antchito. Miyezi 8 tisanakumane, pa kutha kwa mwezi, anagwiritsa ntchito fayilo yakale m'malo mwa yatsopano, ndipo antchito 11 analandira ndalama zoperewera. Cholakwacho chinakonzedwa patapita masiku awiri, koma bwana wawo anawadzudzula pamaso pa anzawo powafunsa kuti, "Kodi ntchitoyi mumaidziwa?" Kuyambira tsiku limenelo anayamba kubwereza kuwerenga pepala lililonse kanayi kapena kasanu asanalipereke, kuweruka mochedwa kuposa wina aliyense, kutengera ntchito kunyumba, ndiponso kukhala chete pa misonkhano ya mu ofesi ngakhale pamene ankadziwa yankho. Usiku ankadzidzimuka cha m'ma 2 koloko n'kuyamba kuwerenga m'mutu manambala a tsiku limenelo. Malo a woyang'anira gawo lawo atalengezedwa kuti adzakhala opanda munthu, anzawo awiri anawalimbikitsa kuti adzafunsire, koma iwo anakana n'kuwauza kuti asawaseke.

Nditawafunsa mmene anthu amawaonera, anayankha ndi mwambi: "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere." Anafotokoza kuti anthu amawaona ngati munthu wadongosolo chifukwa sanawatulukire, ndipo tsiku la malipiro lija ndilo tsiku lokhalo limene chenicheni chinaonekera poyera.

Mbiri yawo

Mayi awo anamwalira iwo ali ndi zaka 9, ndipo analeredwa ndi azakhali awo pamodzi ndi asuweni atatu. Mayi R anatsindika kuti azakhaliwo sanawazunze, anawaphunzitsa sukulu ndipo sanawasiyanitse ndi ana awo pa zosowa za tsiku ndi tsiku. Komabe anali munthu wa mawu akuthwa, wokhulupirira kuti mwana akayamikiridwa amachita matama. Akakhoza bwino mayeso, funso linali la malikisi amene anataya, akaswa mbale, mawu anali akuti, "Iwe sudzaphula kanthu." Mawu amenewa anawatchula mopanda kusintha nkhope, ngati munthu wonena za nyengo. Ali pa banja ndipo ali ndi ana awiri. Amuna awo amawakonda ndipo amawathandiza, koma akamva madandaulo amangoti, "Musamaganize zimenezo," ndipo nkhani imathera pomwepo. Samwa mowa, ndipo anali asanalandirepo thandizo la zamaganizo.

Kuunika

Ndinagwiritsa ntchito mafomu atatu. Pa PHQ-9, yomwe ili ndi mafunso 9 oyeza kukhumudwa ndipo malikisi ake amayambira pa 0 kufika pa 27, anapeza 14, kutanthauza kukhumudwa kwapakatikati. Pa GAD-7, yoyeza nkhawa kuyambira pa 0 kufika pa 21, anapeza 12. Pa muyeso wa kudziona kukhala wofunika umene Morris Rosenberg anakonza mu 1965, wokhala ndi ziganizo 10, anapeza 11 pa 30, ndipo malikisi ochepera 15 kawirikawiri amatengedwa kuti ndi otsika. Ndinawafunsa mosabisa za maganizo ofuna kudzipha. Anavomera kuti nthawi zina amaganiza kuti zikanakhala bwino akanapanda kubadwa, koma analibe cholinga, njira kapena mbiri yodzivulaza, ndipo anatchula ana awo ngati chifukwa chokhalira ndi moyo. Funso limeneli ndinkalibwereza pa mkumano uliwonse. Tinagwirizana ndi dokotala kuti tiyambe ndi uphungu wokha, ndipo nkhani ya mankhwala idzaonedwenso ngati malikisi akwera kapena sasintha pakatha masabata 6.

Mmene ndinalimvera vutoli

Ndinatsata njira ya CBT, yomwe ndi uphungu wothandiza munthu kufufuza ndi kusintha maganizo ndi zochita zake, imene maziko ake anayalidwa ndi Aaron Beck pa yunivesite ya Pennsylvania m'zaka za m'ma 1960. Beck anaona kuti anthu okhumudwa amakhala ndi maganizo ongotulukira okha, achangu ndi osafufuzidwa, onyoza iwo eni, dziko lowazungulira ndi tsogolo lawo, ndipo kuti maganizowo amaphuka pa zikhulupiriro zozama zimene munthu anazitola kalekale. Pa vuto la kudzikayikira ndinadalira kwambiri kafotokozedwe ka Melanie Fennell wa ku Oxford ka mu 1997, kamene kamasonyeza kuti munthu wodziona wachabechabe amadziikira malamulo omuteteza kuti chigamulo chimene anadzipatsacho chisaonekere, ndipo amakhala bwinobwino kufikira tsiku limene lamulo lina lathyoka.

Pa mkumano wachiwiri tinajambula zimenezi pa pepala limodzi. Pansi penipeni tinalemba mawu awo akuti, "Ndine wolephera," ndipo anati amawakhulupirira 95 pa 100. Pamwamba pake panabwera malamulo awiri: "Ndisalakwitse chilichonse, apo ayi anditulukira," ndi "Ndisafunse funso, chifukwa kufunsa n'kuonetsa umbuli." Kwa zaka zambiri malamulowa anawathandiza, ndipo ndi amene anawapanga kukhala wantchito wodalirika, zomwe ndinanena poyera kuti asaone ngati ndikunyoza khama lawo. Koma anali ndi msampha. Mwezi ukatha popanda cholakwa, Mayi R sankati, "Ntchito ndimaidziwa," koma ankati, "Ndapulumuka chifukwa ndinabwereza kasanu." Motero chipambano chilichonse chinkapita ku kubwerezako, pamene cholakwa chilichonse chinkapita kwa iwo eni. Kuwonjezera apo, kusagona ndi kugwira ntchito mpaka usiku kunkawatopetsa, ndipo munthu wotopa ndiye amalakwitsa, choncho lamulo loti asalakwitse linkawayandikitsa ku chinthu chomwe ankachiopa.

Pamene ndinayamba molakwika

Ndiyenera kuvomereza kuti masabata awiri otsatira ndinawataya. Poona munthu waluso akudzinyoza chotere, ndinagwa m'chiyeso chotsutsana naye. Ndinkatchula zabwino zawo chimodzichimodzi, ndipo chilichonse ankachibweza ndi "inde, koma." Ndikati akhala pa ntchito zaka 7, ankati palibe amene anafufuza bwino, ndikati anzawo amawadalira, ankati anzawowo ndi aulemu chabe. Ndinawapatsanso ntchito yoti m'mawa uliwonse azinena pa galasi kuti, "Ndine munthu wanzeru ndi wofunika." Anabwerera ali okhumudwa kuposa kale. Anati akangotchula mawuwo, mumtima mumatuluka mndandanda wa zifukwa zosonyeza kuti ndi bodza, ndipo tsopano ankadziona kuti alephera ngakhale ntchito yophweka imene phungu wawapatsa.

Zimenezi sizinayenera kundidabwitsa. Mu 2009 Joanne Wood ndi anzake pa yunivesite ya Waterloo ku Canada anasonyeza kuti anthu odzikayikira akamabwereza mawu odziyamikira amene sawakhulupirira, amamva kuipa kuposa akapanda kuwanena, pamene odzidalira kale amapindulako pang'ono. Mawu akatalikirana kwambiri ndi zimene munthu amakhulupirira, amadzutsa mtsutso m'malo motonthoza. Ndinawauza kuti cholakwa chinali changa posankha ntchitoyo, osati chawo. Anandiyang'ana modabwa, ndipo pambuyo pake anadzandiuza kuti aka kanali koyamba kuona munthu akuvomera cholakwa popanda kuchita manyazi kapena kudzitukwana.

Pa mkumano womwewo tinakambirana malangizo a amuna awo oti asamaganize. Ndinawapempha kuti kwa mphindi imodzi asaganize za chimbalangondo choyera, monga mmene Daniel Wegner anayesera anthu mu 1987, ndipo akweze chala nthawi iliyonse chikabwera m'mutu. Chala chinakwera kasanu ndi kawiri, ndipo kwa nthawi yoyamba anaseka. Kuchokera pamenepo tinasiya zothamangitsa ganizo ndi zoliphimba ndi mawu okoma, n'kuyamba kulifunsa mafunso.

Kulemba ndi kufufuza maganizo

Anagula kope, ndipo tsamba lililonse tinaligawa m'mizere: chimene chachitika, ganizo limene labwera ndi mmene akulikhulupirira pa 100, mmene akumvera m'thupi ndi mumtima, umboni wogwirizana ndi ganizolo, umboni wotsutsana nalo, ndi ganizo lina limene lingaime pa umboni wonsewo. Ndinatsindika kuti mzere wa umboni wogwirizana uyenera kudzazidwa moona mtima, chifukwa munthu akaona kuti phungu akufuna mbali imodzi yokha, amasiya kukhulupirira ntchito yonseyo.

Chitsanzo chimene chinatiphunzitsa zambiri ndi cha uthenga wa pa foni umene bwana wawo anatumiza madzulo ena, wongoti, "Mudzandione mawa m'mawa." Ganizo loyamba linali lakuti, "Apeza cholakwa china, andichotsa ntchito," ndipo analikhulupirira 90. Mtima unagunda, manja anachita thukuta, ndipo anatsegula kompyuta kuti ayambe kufufuza ntchito ya sabata yonse. Koma anatenga kope lija. Pa umboni wogwirizana analemba kuti bwanayo anawadzudzulapo kale ndipo uthengawo unalibe moni. Pa umboni wotsutsana anakhala nthawi yaitali osalemba kanthu, kenaka anayang'ana mauthenga akale a bwanayo n'kupeza kuti onse ndi afupiafupi opanda moni, ngakhale onena za tchuthi. Anakumbukiranso kuti kawirikawiri munthu sachotsedwa ntchito popanda kalata yochenjeza, ndipo iwo anali asanalandirepo. Ganizo limene analemba pomaliza linali lakuti, "Sindikudziwa chimene akufuna, chingakhale cholakwa, chingakhale china, ndipo ngati ndi cholakwa ndidzachikonza monga ndinakonzera chija." Chikhulupiriro cha ganizo loyamba chinatsika kufika pa 55, ndipo anagona maola asanu. M'mawa mwake bwanayo anawapempha kuti aphunzitse ntchito mnyamata amene anali atangolembedwa kumene.

Sindinafune kuti tisangalale kwambiri ndi mathero abwinowo, chifukwa phindu la kopelo linaoneka usiku uja zotsatira zisanadziwike, ndipo tsiku lina uthenga wotere udzakhaladi wa cholakwa. Komanso Mayi R anali atapeza kale njira yochepetsera nkhaniyo ponena kuti bwanayo anangosowa wina womutuma. Tinalemba mawu amenewa ngati ganizo latsopano loyenera kufufuzidwa, ndipo tinapatsa mayina zizolowezi zitatu zimene zinkabwerezabwereza m'kope: kulosera zoipa, kudziwa za mumtima mwa ena popanda kufunsa, ndi kutaya chabwino chilichonse ngati mwayi chabe.

Kulekanitsa chochitika ndi chigamulo

Mkumano wachisanu ndi chimodzi tinaupereka wonse ku tsiku la malipiro lija. Sindinakane kuti analakwitsa, chifukwa anthu 11 anavutikadi masiku awiri, ndipo kuwauza kuti sinali nkhani kukanakhala kunama. Funso linali lakuti kodi chochitikacho chikukwanira kubereka chigamulo choti ndi wolephera. Ndinawafunsa kuti akonza malipiro miyezi ingati. Monga munthu wa manambala anawerengera yekha: zaka 7 kuchulukitsa ndi 12, miyezi 84. Ndinafunsa kuti mwa miyezi imeneyo, ndi ingati imene inali ndi cholakwa chotere. Anati umodzi. Ndinafunsanso kuti wantchito wina atabwera ndi mbiri yotere, angamulembere chiyani pa fomu yowunika ntchito. Anakhala chete, kenaka anati, "Ameneyo ndingamulembere kuti ndi wodalirika, koma ineyo n'zosiyana." Sindinatsutse, ndinangowapempha kuti afotokoze kusiyanako, ndipo analephera kupeza mawu.

Tinajambulanso bwalo n'kuligawa molingana ndi zonse zimene zinachititsa cholakwacho, gawo lawo likubwera pomalizira. Zinatuluka zinthu zimene anali asanazitchulepo: mafayilo awiriwo anali ndi mayina ofanana ndipo anasungidwa malo amodzi, mnzawo wogawana naye ntchito anali pa tchuthi mwezi umenewo, ndipo amene anayenera kuona malipirowo asanatumizidwe anangosaina osawerenga. Poyamba ankati mlandu wonse ndi wawo; pomaliza anadzisiyira 40 pa 100. Gawo limenelo sindinayese kulichepetsa, chifukwa linali loona ndipo munthu angathe kulisenza.

Apa panabuka nkhani imene ndimakumana nayo kawirikawiri. Mayi R anadandaula kuti kuvomereza zabwino zawo n'kudzitukumula, ndipo iwo analeredwa kuti munthu azidzichepetsa. Ndimaona kuti phungu akanyalanyaza nkhawa imeneyi amakhala ngati akuuza munthu kuti ataye khalidwe limene amalilemekeza, ndipo munthuyo amakana mwakachetechete. Tinakambirana kusiyana kwa kudzichepetsa ndi kudzinyoza. Ndinawapempha kuti aganizire munthu amene amamuona kuti ndi wodzichepetsa zenizeni, ndipo anatchula mphunzitsi wawo wakale. Nditafunsa ngati mphunzitsiyo ankanena kuti sadziwa kuphunzitsa, anati ayi, ankadziwa kuti amatha, koma sankapondereza nazo ena. Anamaliza okha kuti wodzichepetsa sanama za luso lake, ndipo kulemba m'buku la ndalama zotuluka zokha n'kusiya zolowa si ulemu koma kuwerengera kolakwika.

Kuchoka pa pepala kupita ku zochita

Pofika mkumano wachisanu ndi chiwiri anali atadziwa bwino kudzaza kope, koma chikhulupiriro chozama chinali chikadali pa 80. Anati, "M'mutu ndikumva, koma mumtima ayi." Awa ndi malire a kukambirana. Albert Bandura anafotokoza mu 1977 kuti chikhulupiriro chakuti ungathe kuchita chinthu chimachokera ku magwero anayi, omwe ndi kuchichita wekha n'kuona kuti chatheka, kuona ena ofanana nawe akuchichita, kulimbikitsidwa ndi mawu a ena, ndi mmene thupi likumvera, ndipo loyambalo ndilo lamphamvu kuposa onse. Ine ndinali nditayambira pa mawu olimbikitsa, amene ndi ofooka poyerekeza. Tsopano tinayenera kuthyola malamulo awo mwadala, pang'onopang'ono, n'kuona chimene chichitike.

Kuyesa koyamba kunali kwa kubwereza. Tinasankha ntchito yosaopsa, ya malisiti a tsiku ndi tsiku osati malipiro, ndipo tinagwirizana kuti kwa sabata imodzi aziwerenga kawiri kokha. Asanayambe analemba ulosi wawo: zolakwa zidzapitirira zisanu ndipo bwana adzawaitana. Masiku awiri oyamba nkhawa inakwera kwambiri, ndipo tsiku lachiwiri anabwerera pa desiki atatseka kale kuti awerengenso kachitatu, zomwe anandiuza mwamanyazi. Sabata itatha panapezeka cholakwa chimodzi chaching'ono cha deti, chofanana ndi zimene zinkapezeka ngakhale pamene ankabwereza kasanu, ndipo anali akuweruka ola limodzi mofulumira. Kuyesa kwachiwiri kunali kufunsa funso limodzi pa msonkhano wa mu ofesi. Analosera kuti anthu adzayang'anana n'kuseka. Anafunsa za fomu yatsopano ya msonkho, mawu akunjenjemera. Bwana anayankha mwachidule ndi mouma, zomwe zinawawawa, koma mnzawo wina anati nayenso sanamvetse ndipo anapempha kuti abwereze. Zotsatira zosakanikirana chotere ndimazikonda kuposa zabwino zokhazokha, chifukwa zinawaonetsa kuti yankho louma limapweteka koma silipha, ndipo madzulo a tsikulo anali atayamba kale kuganiza zina. Kachitatu anafunsa anzawo atatu ngati analakwitsapo pa ntchito, ndipo onse anali ndi nkhani zawo, ina yaikulu kuposa ya iwo, koma ankaifotokoza akuseka.

Nthawi yomweyo tinayamba kumanga chikhulupiriro chatsopano, potsata njira imene Christine Padesky amaphunzitsa yolemba tsiku lililonse umboni wochirikiza chikhulupiriro chimene munthu akufuna kuchikulitsa. Chofunika chinali choti mawuwo akhale awo ndipo akhale oti angawakhulupirire ngakhale pang'ono. Anakana mawu oti "wanzeru" ndi "waluso," n'kusankha akuti, "Ndine munthu wodziwa ntchito yake amene nthawi zina amalakwitsa." Anati amawakhulupirira 10 pa 100. Sabata yoyamba masamba anabwera opanda kanthu, chifukwa chilichonse chimene anachita ankati aliyense amachita. Tinadutsa tsiku limodzi ola ndi ola, ndipo tinapeza kuti anazindikira lisiti lolipidwa kawiri, anafotokozera mnyamata watsopano uja kawerengedwe ka maola owonjezera mpaka anamvetsa, ndipo anathandiza mwana wawo masamu. Lamulo linali lakuti chinthu chilembedwe ngakhale mtima ukukana, ndipo mawu okana aja alembedwe pambali pake.

Kubwerera m'mbuyo

Mkumano wa 10 sanabwere ndipo sanatumize uthenga. Nditawaimbira foni anati sakuona chifukwa chopitirizira. Sabata imeneyo mwana wawo wamng'ono anadwala, iwo anagona pang'ono, ndipo anatumiza lipoti la pamwezi lili ndi tsamba limodzi losowa. Bwana analibweza ndi mawu achidule. Kwa iwo uwu unali umboni wakuti kuchepetsa kubwereza kunali kupusa ndipo azakhali awo ananena zoona. Atabwera sabata yotsatira, PHQ-9 inali itakwera kuchoka pa 8 kufika pa 13, ngakhale funso la kudzivulaza linali pa 0.

Sindinathamangire kope. Ndinawapempha kuti anene mokweza mawu amene anadziuza atalandira lipoti lobwezedwalo, ndi kamvekedwe kake komwe. Ananena kuti, "Iwe sudzaphula kanthu," ndipo anaima, chifukwa anazindikira kuti amadzitchula "iwe" ndi liwu limene si lawo. Mwana wawo wamkulu anali ndi zaka 9 nthawi imeneyo, msinkhu umene iwo anali nawo pamene anataya mayi awo. Ndinafunsa chimene angamuuze mwanayo atabwera ndi ntchito ya kusukulu yosowa tsamba pambuyo pa usiku wosagona. Analira nthawi yaitali, kenaka anati angamuuze kuti watopa, alembe tsambalo apereke mawa. Kunyumba analemba kalata yosatumiza yopita kwa iwo eni ali mwana. Sitinawasandutse azakhali aja mdani. Mayi R anafika poona kuti mayiyo analera ana anayi ndi mantha akuti angadzavutike, ndipo mawu ake anali chikwapu chothamangitsira mwana osati ulosi wochokera pa kudziwa tsogolo. Angathe kuwathokoza chifukwa cha sukulu popanda kusunga chigamulo chawo.

Pa mkumano wa 12, ndi chilolezo chawo, amuna awo anabwera kwa mphindi 20. Ndinawafotokozera chifukwa chake mawu oti "musamaganize" sathandiza, ndipo anagwirizana kuti azifunsa kuti, "Umboni wake ndi wotani?" kapena kungomvetsera. Bambowo anati ankanena mawu aja chifukwa chosowa chonena.

Zotsatira

Pa mkumano womaliza PHQ-9 inali pa 5, GAD-7 pa 6, ndipo muyeso wa Rosenberg unakwera kufika pa 19. Chikhulupiriro choti ndi wolephera chinatsika kuchoka pa 95 kufika pa 30, ndipo chatsopano chija chinakwera kuchoka pa 10 kufika pa 65. Ankagona maola 6 kapena 7 masiku ambiri, mutu unkabwera mwa apo ndi apo, ndipo mankhwala sanafunike. Malo a woyang'anira aja atalengezedwa anafunsira, anaitanidwa kukayankha mafunso, koma anapatsidwa munthu wina. Anandiuza kuti ganizo lakale linabwera usiku womwewo ndipo analira, koma m'mawa analemba m'kope, ndipo patapita masiku atatu anapita kukafunsa amene anawafunsa mafunsowo kuti ndi mbali iti imene ayenera kukonza. Anauzidwa kuti alibe mbiri yoyang'anira anthu, ndipo anapempha kuti azipatsidwa antchito atsopano oti aziwaphunzitsa. M'kuona kwanga, zimene anachita atakanidwa ndizo muyeso wodalirika kuposa malikisi onse a pa mafomu.

Sindinganene kuti kusintha konse kunabwera ndi uphungu, chifukwa m'miyezi yomweyo ofesi yawo inasintha kasungidwe ka mafayilo, ndipo kubwera kwa wantchito watsopano kunawapepukitsa katundu. Tinalemba limodzi tsamba limodzi loti azilisunga m'kope, lotchula zizindikiro zoyamba za kubwerera m'mbuyo, zomwe kwa iwo ndi kubwereza kupitirira katatu, kupepesa popanda chifukwa ndi kudzuka 2 koloko usiku, pamodzi ndi zoyenera kuchita zikaoneka komanso nthawi yoyenera kubwereranso kwa ine kapena kwa dokotala.

Patapita miyezi itatu tinakumana kuti tione mmene zikuyendera. PHQ-9 inali pa 6. Kope la umboni ankalilemba kawiri kapena katatu pa sabata. Pa kutha kwa mwezi amawerengabe malipiro katatu, ndipo tinagwirizana kuti pa ntchito imeneyo katatu si vuto. Chimene chatsala ndi ubale wawo ndi azakhali awo, amene tsopano ndi okalamba ndipo amadalira thandizo lawo. Akapita kukawaona amabwerako ali ofooka kwa masiku awiri kapena atatu. Anapempha kuti tidzakumanenso maulendo awiri pa nkhani imeneyi yokha, ndipo tinaika tsiku.